Mbiri ya Magalimoto a Toyota ndi Eni Ace

Pali dzina limodzi limene ngakhale ana athu ang'ono alidziwa kuliwerenga asanathe kulemba maina ao, ndilo dzina lija la zilembo zisanu ndi cimodzi lolembedwa kumbuyo kwa magalimoto ambiri opita m'miseu yathu, lakuti Toyota. Galimoto yonyamula odwala kunka nao ku cipatala ili nalo dzinali. Minibasi imene tikwera popita ku boma ili nalo. Ndi iyo yodzagula cimanga ndi mtedza m'midzi mwathu ili nalonso. Ambiri a ife tapereka moyo wathu ndi wa ana athu kwa zitsulo zimenezi, koma ali owerengeka amene adziwa kumene zinacokera, kapena anthu amene anaziyamba. Mnyamata pofuna kukwatira ayamba wafunsa mbiri ya banja limene alowako. Cotero nkoyenera kuti ifenso tifunse mbiri ya cinthu cimene citinyamula. Mwezi uno tifuna kuilongosola mbiriyo, zokoma ndi zowawa zomwe, kuti tione umo dzina labwino limangidwira, ndi umo likhoza kugwera.

Mwana wa mmisiri wa matabwa

Dziko la Japan ndi dziko la zisumbu, kum'mawa kwa China. Zaka zoposa 200 anthu ace anatsekera kunja alendo ambiri, kufikira caka ca 1853, pamene zombo za nkhondo za ku America zinafika ndi kuwakakamiza kutsegula madooko ao. Pamenepo Ajapani anaona kuti maiko a Azungu anawapitirira kutali pa nzeru ya makina; ndipo kuyambira 1868, m'ufumu wa Meiji, anadzipereka kuphunzira nzeruyo ndi mtima wonse, kuti angasanduke akapolo a eni ace.

Caka cimodzi ufumuwo usanayambe, mu 1867, m'mudzi waung'ono wa Yamaguchi, kufupi ndi nyanja ya Hamana, munabadwa mwana dzina lace Sakichi Toyoda. Atate wace anali mlimi ndi mmisiri wa matabwa, ndipo amace ankaomba nsaru ya thonje ndi manja, monga anacita akazi ambiri a dera lija. Makolo athu a ku cigwa ca Shire, amene ankapota thonje ndi kuomba nsaru zao Azungu asanafike, akadaidziwa bwino nchito imeneyi ndi kuwawa kwace kwa msana. Mnyamatayo anaphunzira umisiri wa atate wace, koma maso ace anali pa coombera nsaru ca amai a m'mudzimo, nalingalira usana ndi usiku umo angapeputsire nchito yao. Mu 1890 anapanga coombera ca matabwa cimene munthu akhoza kuciyendetsa ndi dzanja limodzi, ndipo mu 1896 anapanga cina coyenda ndi mphamvu ya makina.

Tsono apa cherani khutu, pakuti nkhani yathu yonse yagona pamenepa. Pa makina oombera nsaru, ulusi umodzi ukaduka koma makinawo napitirirabe kuyenda, nsaru yonse yoturuka pambuyo pace ikhala yoonongeka; cifukwa cace munthu anayenera kukhala pa makina amodzi tsiku lonse, maso ali pa ulusi. Sakichi anaikapo kacitsulo kakuti ulusi ukangoduka, makina aime okha pomwepo. Mu 1924 iye ndi mwana wace anatsiriza makina ochedwa Type G, amene anasintha okha conyamulira ulusi osaima, ndi kuima okha pakakhala colakwa. Kotero kuti wanchito mmodzi anakhoza kuyang'anira makina makumi angapo. Mbiri yace inafika ku England, kumene kunali eni ace a nchito ya nsaru. Ndipo mu 1929 kampani ya Platt Brothers ya ku Oldham inapangana kupereka mapaundi 100,000 kuti iloledwe kupanga makina a mwana wa mmisiri uja. Sakichi anamwalira caka cotsatira, mu 1930.

Kiichiro ayamba magalimoto

Mwana wace, Kiichiro Toyoda, anabadwa mu 1894, naphunzira za makina pa sukulu yaikuru ya ku Tokyo. Poyenda ku America ndi ku England anaona miseu yodzala magalimoto, nazindikira kuti malonda a nsaru sadzakhala patsogolo masiku onse. Kwao nakonso zinthu zinalikusintha. Cibvomezi cacikuru ca 1923 cinaononga njanji za mu Tokyo, ndipo anthu anaona kuti galimoto ikhoza kupita pamene sitima yalephera. Kampani ya Ford inamanga nyumba yolumikiziramo magalimoto ku Yokohama mu 1925, ndi ya General Motors ku Osaka mu 1927. Cotero pafupifupi galimoto iliyonse m'dzikomo inali ya Amerika.

Mu 1933 Kiichiro anapatula malo m'kati mwa kampani ya makina a nsaru, nagula galimoto ya Chevrolet, naiphwasula ndi anzace cidutswa-cidutswa, kuti aphunzire mapangidwe ace. Nchitoyo siinali yapafupi. Posungunula citsulo kuti aumbe thupi la injini analephera kawiri kawiri, ndi zitsulo zotayika zinaunjikana. Koma anapirira, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo mu 1935 anaturutsa galimoto yoyesera yochedwa A1, ndi lole yochedwa G1. Mu 1936 inaturuka galimoto yonyamula anthu ya AA, ndi pa 28 August 1937 inakhazikitsidwa kampani ya magalimoto payokha.

Mwina mufunsa kuti, nanga dzina la banja pokhala Toyoda, bwanji pa galimoto alemba Toyota? Dzina lakuti Toyoda litanthauza munda wa mpunga wobala zambiri. Mu 1936 analisintha pang'ono, popeza Toyota limveka bwino pochula, ndiponso polilemba m'zilembo zina za Cijapani dzanja likhwaca kasanu ndi katatu, ciwerengo cimene anthu a kumeneko aciyesa ca mwai. Nyumba yaikuru yopangiramo magalimoto inatsegulidwa mu 1938 m'mudzi wa Koromo, umene mu 1959 unataya dzina lace nuchedwa mzinda wa Toyota.

Kodi muyesa kuti magalimoto oyambawo anali olimba monga timva masiku ano? Iai ndithu. Malole a G1 ankafa pa mseu kawiri kawiri, makamaka pa citsulo cogwira magudumu a kumbuyo, ndipo ogula oyamba anadandaula kwambiri. Cimene cinapulumutsa dzinalo ndi ici, cakuti opanga sanabisale. Amisiri ao ankathamangira kumene lole yafera, usiku kapena usana, ndi Kiichiro yemwe anapitako nthawi zina kukaona cobvuta ndi maso ace. Ndipo colakwa ciliconse cimene anacipeza pa mseu anakacikonza m'nyumba yopangiramo. Mbiri ya kulimba siinabadwe pamodzi ndi galimoto, koma inadza pambuyo, pakumvera madandaulo a eni ace.

Nkhondo, njala ndi caka ca 1950

Sitingabise kuti kampaniyi inakula m'masiku oipa. Lamulo la 1936 linaikomera iyo ndi inzace ya Nissan, popeza boma linafuna malole a asilikari, ndipo pofika 1939 Ford ndi General Motors analeka nchito m'dzikomo. M'zaka za nkhondo, pamene Japan inathira nkhondo China ndi maiko ena nisautsa anthu ambiri, Toyota inapanga malole a nkhondoyo. Citsulo citasowa, malole ena anaturuka ndi nyali imodzi yokha, ndi mbali zina za matabwa. Pa 14 August 1945 bomba linagwa pa nyumba ya ku Koromo niliononga mbali yace, ndipo m'mawa mwace mfumu ya Japan inalengeza kuti dziko lagonja.

Nkhondo itatha kunali njala ndi umphawi, kotero kuti amisiri a magalimoto anayamba kusula miphika ndi ziwaya kuti apeze cakudya. Mu 1949 boma linaumitsa ndarama pofuna kuletsa kukwera kwa mitengo ya zinthu. Ogula malole pa ngongole analephera kubweza, ndipo kampani inatsala pang'ono kugwa. Mabanki anabvomera kuithangata, koma anati nchito yogulitsa ipatulidwe ku nchito yopanga, ndi anchito acepetsedwe. Tsono Kiichiro anali atalonjeza anthu ace kuti sadzawacotsa. Mu April 1950 anchito ananyanyala, ndipo mkanganowo unatha miyezi iwiri. Potsiriza anthu 2,146 anacoka pa nchito. Ndipo Kiichiro, poona kuti lonjezo lace lasweka, sanafune kutsala pa mpando pamene anzace alikupita kwao manja ali m'khosi, natula pansi udindo wace m'mwezi wa June.

Patangopita masabata owerengeka, pa 25 June 1950, nkhondo inabuka ku Korea, ndipo asilikari a America anaitanitsa malole oposa 4,000 kwa Toyota. Cotero kampani imene inali pafupi kufa inatsitsimuka ndi tsoka la anthu a dziko lina. Ndi cinthu cowawa kucilemba, koma ndi coona. Akuru a kampani anakonza zakuti Kiichiro abwerere pa mpando wace, koma anamwalira mu March 1952, ali ndi zaka 57, asanaone cimene cinaphuka pa mbeu yace.

Nzeru ya coombera nsaru ilowa m'galimoto

M'caka comweco ca 1950 mbale wace wa Kiichiro, Eiji Toyoda, anapita ku America kukaona nchito ya Ford ku River Rouge. Anapeza kuti Ford aturutsa magalimoto zikwi zingapo tsiku limodzi, pamene kwao aturutsa makumi owerengeka okha. Anaona kuti wosauka sangatsate njira ya wolemera, ya kuunjika zitsulo zambiri m'nkhokwe ndi kukonza zolakwa pamapeto. Anayenera kupeza njira yace.

Munthu amene anaikonza njirayo ndiye Taiichi Ohno, amene anayamba nchito yace ku nsaru, nasamukira ku magalimoto mu 1943. Iye anatenga mau a Kiichiro akuti cipangizo ciliconse cifike pa nthawi yace yeni yeni, cosafulumira ndi cosacedwa, nakonza timakalata tochedwa kanban, timene wanchito wa kutsogolo atumiza kwa wa kumbuyo pomuuza cimene catha. Cotero palibe apanga cinthu cimene sicinafunidwe. Ndipo anakumbuka coombera ca Sakichi. M'nyumba zopangiramo magalimoto anamanga cingwe pamwamba pa anchito, kuti ali yense woona colakwa, angakhale wamng'ono ndi watsopano, acikoke. Pamenepo nyali iyaka, kapitao athamangirako, ndipo cobvutaco cikapanda kutha msanga, mzere wonse wa magalimoto uima. Anaphunzitsanso kuti pakaoneka colakwa munthu afunse kuti "cifukwa ninji" kasanu, kufikira atafika pa muzu wace. Kuyambira 1951 anchito onse anapemphedwa kulemba maganizo ao a umo nchito ingakomere, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Ife aphunzitsi tidziwa kuti mwana akalakwa samu pa mzere woyamba ndipo ife osamuimitsa, tsamba lonse lidzala zolakwa. Nzeru ya Toyota ndi yomweyo. Kuima kuoneka ngati kutaya nthawi, koma kutaya kwakukuru ndiko kupitirira ndi ulusi woduka.

Manyazi a ku America ndi ulemu wa m'chire

Mu 1955 inaturuka galimoto ya Crown, imene inakondweretsa anthu a ku Japan, popeza inapirira miseu yao ya makumba. Akuru a kampani anayesa kuti idzakondweretsanso Amerika, natsegula malonda ku California mu 1957. Koma miseu ya kumeneko ndi yotakata ndi yaitali, ndi anthu ace athamanga maora ambiri osapuma; Crown inali yolemera ndi yocepa mphamvu, injini yace inkatentha, ndi thupi lace linkanjenjemera pothamanga. M'caka ca 1958 anagulitsa ma Crown 287 okha, ndi Land Cruiser imodzi. Ndipo pofika 1961 analeka kuigulitsa kumeneko. Sanati ogula ndiwo opusa, koma anabwerera kwao nakaphunzira miseu ya eni ace. Mu 1965 anabwera ndi Corona, imene Amerika anailandira. M'caka comweco kampani inalandira mphotho ya Deming ya kusamala mapangidwe a zinthu. Mu 1966 inabadwa Corolla, galimoto yaing'ono ya banja, imene pofika 2021 inali itagulidwa yoposa 50 miliyoni. Mtengo wa petulo utakwera mu 1973, anthu ambiri anataya magalimoto akuru akumwa mafuta, natembenukira kwa ang'ono a ku Japan.

Koma ulemu umene dzinali lili nao kuno ku Africa unadza ndi galimoto yina. Mu 1951 anapanga galimoto ya m'chire yokoka ndi magudumu onse anai, imene poyesedwa inakwera kutali pa phiri la Fuji; mu 1954 anaicha Land Cruiser. Mapangidwe ace anali osabvuta, ndi zitsulo zace zocindikala, kotero kuti inapirira matope, mcenga ndi miyala, ndipo ikadwala mmisiri wa kutali ndi mzinda anakhoza kuiciza. Mtundu wace wochedwa 70, umene unayamba mu 1984, ndiwo tiuona kawiri kawiri pa zipatala zathu. Mu 1967 inadza Hiace, mai wa maminibasi athu, ndi mu 1968 Hilux. Ku South Africa malonda anayamba mu 1961 ndi Albert Wessels, ndipo pambuyo pace kunamangidwa nyumba yopangiramo magalimoto ku Prospecton, kufupi ndi Durban. Koma mpeni wosenda mbatata ndi womwewo ulasa munthu. Mu 1987 asilikari a ku Chad anamanga mfuti pa magalimoto otere pomenyana ndi a ku Libya, kotero kuti nkhondoyo ichedwa ndi dzina la Toyota kufikira lero.

Tsiku limene cingwe sicinakokedwe

Kampani inakulabe. Mu 1989 inayamba magalimoto a anthu olemera ochedwa Lexus. Mu 1997 inaturutsa Prius, yoyenda ndi petulo ndi magetsi pamodzi. Ndipo mu 2008 inaposa General Motors, imene inatsogolera dziko lonse zaka zoposa 70. Koma akuru anati kuthamanga sikufika. Pa 28 August 2009, kufupi ndi San Diego ku America, galimoto ya Lexus inathamanga yosaimika, popeza copondera moto cinakodwa m'coyala ca pansi pa mapazi cosayenera galimotoyo, ndipo anthu anai a banja limodzi anafa. Madandaulo otere analipo kale, koma akuru anacedwa kuwasamala. Pambuyo pace kunapezekanso kuti pa magalimoto ena copondera motoco cinkacedwa kubwerera. M'zaka za 2009 ndi 2010 magalimoto mamiliyoni ambiri anaitanidwa kuti akakonzedwe.

Pa 24 February 2010 mkuru wa kampani, Akio Toyoda, mdzukulu wa Kiichiro, anaima pamaso pa aphungu a nyumba ya malamulo ya ku America, napepesa, nabvomera kuti kampani inakula mofulumira koposa umo anthu ace akadakhozera kusamala nchito. Akatswiri a boma atafufuza ananena mu 2011 kuti sanapeze colakwa m'magetsi a galimoto, monga ena anaganizira. Koma mlandu wa kubisa unatsala. Mu 2014 Toyota inabvomera kuti inasoceretsa ogula pa nkhaniyi, nilipira boma la America madola 1.2 biliyoni. Taonani, abale, nyumba imene inaphunzitsa dziko lonse kuimitsa makina ulusi ukaduka, iyo yomwe inaona ulusi woduka nipitirira. Kuyambira pamenepo kampani isunga tsiku la 24 February caka ndi caka, kuti anchito ace asaiwale. Ngakhale kutero, mu December 2023 kampani yace yaing'ono ya Daihatsu inaimitsa kutumiza magalimoto atapezeka acinyengo pa mayeso a citetezo, ndi mu June 2024 Akio Toyoda anapepesanso cifukwa ca mayeso ena osatsata lamulo. Dzina labwino lili ngati munda wa m'dimba, umene ukaleka kuupalira mwezi umodzi udzala udzu.

Zimene eni ace anena

Magalimoto ambiri a Toyota amene ali m'dziko lathu sanagulidwe atsopano. Ku Japan lamulo liti galimoto iyesedwe itatha zaka zitatu, ndi pambuyo pace zaka ziwiri ziri zonse, ndipo kuyesako kudya ndarama. Cotero ambiri agulitsa magalimoto ao akali ndi mphamvu. Popeza Ajapani ayenda kumanzere kwa mseu monga ife, ndi ciongolero cili ku dzanja lamanja, magalimotowo atiyenera. Akwera zombo kufikira ku Dar es Salaam kapena ku madooko ena, nalowa kwathu pa mseu. Ndimo afikira ma Corolla, ma Sienta ndi ma Probox amene anyamula anthu m'matauni ndi m'midzi.

Mukafunsa eni ace cifukwa cace anasankha dzinali, ambiri sanena za kukongola kapena liwiro. Anena kuti zipangizo zace zipezeka pa msika uliwonse waukuru. Kuti makanika wa pansi pa mtengo wa mango aidziwa injini yace monga mai adziwa kulira kwa mwana wace. Ndi kuti tsiku la kusowa ndarama, wogula sasowa. Zimenezi zithangatana, pakuti galimoto zikacuruka zipangizo zicuruka, amisiri nazolowera, ndi ogula atsopano nalimba mtima. Anena zowawanso. Mtengo wace ukhala wokwera ngakhale itakalamba. Mbala ziikonda pa cifukwa comweco cimene eni ace aikondera. Land Cruiser imwa mafuta osati masewera. Ndipo magalimoto atsopano odzala za magetsi afuna makina owayesera amene mmisiri wa kumudzi alibe. Ena agwa m'manja mwa amalonda onyenga, amene abweza m'mbuyo ciwerengo ca mitunda imene galimoto yayenda, kapena agulitsa zipangizo zabodza m'bokosi lolembedwa dzina loona. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma coopsa coposa zonse ndico mbiri yomweyo ya kulimba, pamene isanduka cifukwa ca kusasamala. Timamva anthu alikuti, iyi siifa. Ndipo ndi mau amenewo asenzetsa minibasi anthu ndi matumba kupitirira muyeso wace, nacedwa kusintha oilo, nayenda ndi matayala osalala ndi mabuleki otha. Wopanga anaika muyeso wa katundu atayesa zitsulo zace, ndipo palibe dzina lolembedwa pa galimoto limene likhoza kuimitsa tayala lophulika pa citunda. Ulusi umenewo uduka kuno kwathu, ndipo a ku Japan sangauone.

Cotsalira kwa ife

Cifukwa cace tikupemphani zinthu zitatu. Inu amene mwasonkha ndarama za fodya kapena za mtedza zaka zambiri kuti mugule galimoto, musagule dzina lokha; tengani mmisiri wokhulupirika aione pansi ndi m'kati, pakuti safunsa anadya phula. Inu eni magalimoto ndi oyendetsa, mukamva kaphokoso kacilendo, imani tsiku lomwelo ndi kufunsa cifukwa cace, osati mawa. Ndi ife tonse okwera, tikaona galimoto yadzala kupitirira muyeso, kapena woyendetsa wamwa mowa, tisakhale cete poopa kusekedwa. Cingwe cija cimene wanchito wamng'ono aloledwa kukoka cili m'manja mwathunso, ndico pakamwa pathu. Kuli bwino kufika mocedwa ku msika kusiyana ndi kufika msanga ku manda.

Ndipo kwa anyamata ndi asungwana a m'sukulu zathu tinena ici. Sakichi Toyoda sanapite ku sukulu yaikuru. Anayamba ndi matabwa a atate wace ndi cisoni ca pa msana wa amace. Mwana wace anaphwasula galimoto ya eni kuti aphunzire, nalephera kambiri asanapambane. Pofika 2023 nyumba imene anaiyamba inali itapanga magalimoto 300 miliyoni. Yang'anani tsono nchito imene itopetsa amai anu pa mtondo, pa citsime ndi m'munda, ndipo mudzifunse ngati palibe njira yoipeputsira.